Kulemba mawu a aphungu sikokwanira, tiziwapezanso

Funsani kalaliki wa Nyumba ya Malamulo ya dziko lililonse la demokalase ngati zokambirana za aphungu zimabisidwa. Akuyankhani mosajejema kuti ayi, chilichonse cholankhulidwa m'nyumbamo chimalembedwa n'kusindikizidwa, ndipo wofuna kuwerenga palibe womuletsa. Akatero sakhala akunama. Koma mukamupempha kuti akuonetseni zimene nduna ya zaumoyo inalonjeza zaka 6 zapitazo pa nkhani ya kusowa kwa mankhwala, komanso dzina la phungu amene anaipanikiza tsiku limenelo, m'mayiko ambiri nkhope yake imasintha. Amayamba wakufunsani tsiku limene mawuwo analankhulidwa. Inu tsikulo simukulidziwa, n'chifukwa chake mwabwera. Mapeto ake amakulozerani mashelefu a mabuku, kapena tsamba la pa intaneti lodzaza mafayilo mazanamazana, n'kukufunirani zabwino zonse.

Ine ndimati zolembedwa zimene munthu wamba sangathe kusakamo n'kupeza chimene akufuna ndi zobisika ndithu, ngakhale mutaziyala pabwalo. Ndipo pa zonse zobisika mwa njira imeneyi, zimene zimandidetsa nkhawa kwambiri ndi za m'makomiti, kuposa za m'chipinda chachikulu chija chimene aphungu amakuwizanamo makamera akujambula.

Kulemba kumeneku sikunabwere mwaulere. Ku Britain, komwe kunachokera mwambo umene mayiko ambiri a Commonwealth anatengera, aphungu ankaona kusindikiza zokamba zawo ngati chipongwe. Mu 1738 Nyumba ya Commons, yomwe ndi nyumba ya aphungu osankhidwa ya dzikolo, inagamula kuti aliyense wosindikiza zokambirana zake akuphwanya ulemu wa nyumbayo ndipo alangidwe. Magazini ina ya ku London, Gentleman's Magazine, inazemba chiletsocho pomalemba zokambiranazo ngati za aphungu a dziko longopeka la Lilliput, mayina awo itawapotoza pang'ono. Kwa zaka zingapo wozilemba anali Samuel Johnson, yemwe sankapita n'komwe kukamvetsera. Ankangolandira timfundo kwa omwe analipo, iye n'kuumbapo zokamba zathunthu, zokoma kuposa zimene eniake ananena. Mu 1771 meya wa London, Brass Crosby, anatsekeredwa m'ndende ya Tower of London chifukwa choteteza osindikiza amene aphungu ankafuna kuwalanga. Anthu a mumzindawo anakwiya koopsa, ndipo kuchokera pamenepo aphungu anagonja, anasiya kusaka osindikiza. William Cobbett anayamba kutulutsa zokambiranazo m'mabuku, kuyambira ndi za mu 1803, koma atalowa m'mavuto a zachuma anagulitsa ntchitoyo mu 1812 kwa wosindikiza wake, Thomas Curson Hansard. Dzina la bamboyu ndi limene lakakamira pa mabukuwa mpaka lero, ku Ottawa, ku Canberra, ku Nairobi, ku Lusaka ndi ku Lilongwe komwe. Komatu mabuku oyambirirawo ankawatolera kuchokera m'manyuzipepala. Munali mu 1909 pamene Nyumba ya Commons inalemba ntchito alembi akeake oti azilemba zonse zolankhulidwa.

Lero palibe phungu amene angalimbe mtima kuimirira n'kunena kuti mawu ake asalembedwe. Safunikanso kutero. Kuchuluka kwa mapepala kumamugwirira ntchito imene kale inkafuna apolisi ndi ndende. Tsiku limodzi la zokambirana limadzaza masamba ambirimbiri. Chulukitsani ndi masiku a chaka chonse, kenako ndi zaka 5 za nyumba imodzi, kenako ndi nyumba zonse zimene zakhalapo. Lonjezo la nduna lili mmenemo, lathunthu, lolembedwa bwino, ndipo palibe adzaliwerengenso.

Amene anayesapo kusaka akudziwa mmene zimakhalira. Mumatsegula fayilo ya PDF pa foni, imakutherani data musanaone n'tsamba loyamba lomwe. Ikatseguka zilembo zimaoneka bwinobwino. Mumalemba mawu amene mukufuna m'kabokosi kosakira, makina n'kuyankha kuti palibe, chonsecho maso anu akuwaona mawuwo pamzere wachitatu. Chimene chachitika n'chakuti wina anasindikiza zolembazo papepala, n'kujambula pepalalo pa makina, n'kuika chithunzicho pa intaneti. Kwa kompyuta, tsamba limenelo silisiyana ndi chithunzi cha mtengo. Dzina la fayilo nalo ndi nambala chabe, silikunena tsiku, silikunena bilu imene inakambidwa. Ndipo ngakhale fayiloyo itakhala yosakika, muli mafayilo enanso 300 oti muwatsegule imodziimodzi.

Pali msampha winanso umene anthu opanga masamba a pa intaneti amauphonya. M'nyumba zotsata mwambo wa Westminster, komwe kuli Nyumba ya Malamulo ya Britain, aphungu satchulana mayina polankhula. Amati wolemekezeka phungu wa dera lakutilakuti, kapena wolemekezeka nduna. Munthu yemweyo chaka chino ndi phungu wamba, chaka chamawa ndi nduna ya zamalonda, pakapita zaka ziwiri wasamukira ku unduna wa maphunziro, kenako ali kumbali yotsutsa boma, mwinanso dera lake alisintha dzina podula malire. Makina osakira amene sadziwa kuti onsewa ndi munthu mmodzi amakupatsani zidutswa zokhazokha. Ndipo chimene wovota amafuna kwenikweni ndi kulondola munthu mmodziyo, kuti amve ngati zimene akunena lero ali nduna ndi zomwe ankanena dzana ali kotsutsa.

Kodi n'zofunika chotere? Taonani zimene zinachitikira Boris Johnson. Pa 1 Disembala 2021, ali nduna yaikulu ya Britain, anauza aphungu kuti malangizo onse opewera Covid-19 anatsatidwa mokwanira ku ofesi yake ya ku Downing Street. Mu Juni 2023 komiti ya aphungu anzake inapeza kuti ananamiza nyumbayo mwadala, ndipo iye anali atatula kale pansi uphungu masiku ochepa lipotilo lisanatuluke. Komitiyo sinadalire zimene anthu ankakumbukira. Inatenga mawu ake, tsiku ndi tsiku, n'kuwayerekeza ndi umboni wina. Mtolankhani aliyense, ngakhale mwana wa sukulu, akanatha kupeza mawu omwewo m'mphindi zochepa n'kudziweruzira yekha. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma pa ndale umawola ndithu ngati palibe wotha kufukula zimene zinanenedwa.

Tsono tibwere ku makomiti, komwe kuli mtima wa nkhani yanga.

M'chipinda chachikulu phungu amabwera ndi zokamba zokonzeratu. Amadziwa kuti akumveka pa wailesi, amalankhulira anthu akwawo ndi akuluakulu a chipani chake. Nduna ikafunsidwa funso imawerenga yankho lolembedwa ndi akadaulo a ku unduna, funso lowonjezera likabwera imazungulira, sipikala n'kuitana funso lotsatira. M'komiti zinthu zimayenda mosiyana. Pampando wa mboni pamakhala mlembi wamkulu wa unduna, mkulu wa kampani ya boma, wowerengera ndalama za boma, dokotala, mkulu wa apolisi, anthu amene m'chipinda chachikulu saloledwa n'kulankhula komwe. Phungu amatha kufunsa funso lomwelo kanayi mpaka yankho lituluke. Bilu amaiwerenga ndime ndi ndime, n'kumasintha liwu apa, nambala apo, ndipo kusintha kumeneko ndi kumene kumadzakhudza msonkho wanu ndi penshoni yanu. Woodrow Wilson, asanakhale pulezidenti wa America, analemba mu 1885 kuti Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo, ikakhala m'chipinda chachikulu imakhala ikudzionetsera, koma ikakhala m'makomiti ndiye ili pantchito. Sindikuona kuti zasintha, kaya ku Washington kaya kwina kulikonse.

Chitsanzo chimene ndimachikonda n'cha aphunzitsi a sukulu ya Malvern College ku England. Ana awo ankaphunzira pasukulupo pa fizi yotsika kwambiri, ndipo a msonkho anati phindu limenelo likhomeredwe msonkho. Mkangano unali pa kawerengedwe kake, chifukwa mawu a lamulo la zachuma la mu 1976 ankatha kumveka pawiri. Kuyambira kale makhothi a ku England ankakana kuyang'ana mu Hansard pomasulira lamulo. Ankati woweruza awerenge lamulo lokhalo, zimene aphungu ankalankhula polipanga n'zawo. Koma zinapezeka kuti biluyo ili m'komiti, nduna ina ya ku unduna wa zachuma inafunsidwa za aphunzitsi otere ndipo inayankha momveka bwino kuti msonkho wawo udzakhala wochepa. Mu Novembala 1992, pa mlandu wa Pepper v Hart, oweruza 6 mwa 7 a khothi lalikulu la nthawiyo anagamula kuti lamulo likakhala losamveka, khothi likhoza kuwerenga zimene nduna yobweretsa biluyo inanena. Aphunzitsi aja anapambana. Yankho la mphindi zochepa, loperekedwa m'chipinda cha komiti zaka 16 m'mbuyomo, linasintha chigamulo.

Woweruza mmodzi amene anatsutsa, Lord Mackay, anadandaula za mtengo wake. Anaona kuti kuyambira pamenepo loya aliyense azikakamizika kufufuza Hansard yonse kuopa kuphonya kanthu, ndipo nthawi yofufuzayo woilipira ndi mwini mlandu. Nkhawa yake inali yoona, ndipo ndi yomweyo imene ikundilembetsa. Kusaka kukakhala kodula, mawu a nduna amathandiza okhawo otha kulipira munthu woti akhale sabata yathunthu mulaibulale. Kusaka kukatsika mtengo, amathandiza aliyense. Si makhothi onse padziko amene amatsata chigamulo chimenechi mofanana, koma funso loti opanga lamulo ankatanthauza chiyani limabuka paliponse, m'khothi, mu ofesi ya msonkho, ngakhale pokambirana za malipiro.

China ndi cha Post Office ya ku Britain. Pakati pa 1999 ndi 2015, oyendetsa mapositi ofesi ang'onoang'ono oposa 900 anazengedwa milandu ya kuba ndi chinyengo chifukwa cha pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa Horizon, imene inkaonetsa ngati ndalama zasowa. Ena anamangidwa, ena katundu wawo yense anapita. Mu Febuluwale 2015 mkulu wa kampaniyo, Paula Vennells, anauza komiti ya aphungu kuti panalibe umboni woti wina anaweruzidwa molakwika. Mu Epulo 2021 khothi la apilo linafafaniza zigamulo za anthu 39 tsiku limodzi, ndipo mu 2024 mayiyu anakhala pamaso pa bungwe lofufuza nkhaniyo n'kufunsidwa za mawu ake aja. Ku America nako, pa 14 Epulo 1994, akuluakulu 7 a makampani a fodya analumbira pamaso pa komiti ya aphungu yotsogozedwa ndi Henry Waxman, n'kunena mmodzimmodzi kuti sakhulupirira zoti chikonga chimamulowerera munthu mpaka kulephera kusiya. Mawu amenewo anawatsatira zaka zambiri.

Nkhani zonsezi zinatheka chifukwa wina analemba funso ndi yankho lake liwu ndi liwu. Apa ndi pamene nyumba zambiri za malamulo zimagwera. Zimakhala ndi Hansard yabwino ya chipinda chachikulu, koma za m'makomiti zimangosunga maminitsi. Ndipo maminitsi, inu mukuwadziwa. Amati komiti inakumana, opezekapo anali awa, opepesa anali awa, mlembi wamkulu anafotokoza za kachedwedwe ka ntchito ya msewu, mamembala anafunsa mafunso ndipo anayankhidwa, komiti inagwirizana zodzakumananso. Anafunsa chiyani? Anayankhidwa zotani? Mkuluyo anati ndalama zinapita kuti, ndipo analonjeza kuti msewuwo utha liti? Zonsezo zinatsala m'chipindamo. Patapita miyezi lipoti la komiti limatuluka litasalazidwa, aliyense atachotsamo chomubaya. Wofufuza amene wabwera patatha zaka zitatu amapeza chiganizo chimodzi pamalo pa maola atatu a mafunso.

Anthu a ku South Africa anaona dzenje limeneli msanga. Demokalase itangoyamba, makomiti a nyumba yawo anatsegulidwa kwa anthu, koma panalibe zolembedwa zatsatanetsatane zoti munthu n'kuzipeza. Mu 1995 mabungwe atatu, Black Sash, Human Rights Committee ndi Idasa, anakhazikitsa Parliamentary Monitoring Group, imene imatumiza anthu kukakhala m'misonkhano ya makomiti, kulemba zimene zanenedwa, kujambula mawu, kutolera zikalata zimene mboni zabweretsa, n'kuika zonse pa intaneti posakika. Lero wofuna kudziwa zimene akuluakulu a kampani ya magetsi ya Eskom anauza aphungu chaka chakutichakuti amayambira pamenepo. Ku Kenya, Ory Okolloh ndi Conrad Akunga anayambitsa Mzalendo mu 2005 atatopa ndi kusadziwa zimene aphungu awo ankachita. Ku Britain anthu ongodzipereka anatsegula TheyWorkForYou mu 2004, tsamba limene limatenga Hansard n'kuisanja potengera phungu, mutu wa nkhani ndi mavoti, ndipo mukhoza kulipempha kuti lizikutumizirani uthenga phungu wanu akangolankhula.

Ntchito zimenezi ndimazilemekeza. Koma zimandichititsanso manyazi m'malo mwa nyumba za malamulozo, ndipo ndibwereranso pamenepa.

Otsutsa maganizo angawa ali ndi mfundo, ndipo zina n'zolemera. Yoyamba ndi yoti komiti imagwira bwino ntchito chifukwa choti mulibe makamera. Phungu wa boma amatha kuvomereza kuti mnzake wotsutsa wanena zoona, chinthu chimene sangachite pagulu. Mkulu wa boma amamasuka kuulula pamene zinalakwika. Mukalemba liwu lililonse n'kuliika pa intaneti, akutero, komiti isanduka bwalo lina la zisudzo. Ndikuvomereza mbali ina. Pali nkhani za chitetezo cha dziko, pali mboni zimene moyo wawo ungakhale pachiswe, ndipo nthawi imene mamembala akukambirana okhaokha zoti alembe mu lipoti ikhoza kukhala yamseri popanda wopwetekedwa. Koma kumva umboni kwa munthu wogwira ndalama za anthu ndi nkhani ina. Mkulu amene amanena zoona pokhapokha atatsimikiziridwa kuti sizilembedwa sakuthandiza dziko, akungopepukitsa mtima wake. Malamulo aakulu a South Africa, mu gawo 59, amati anthu ndi atolankhani asatulutsidwe mumsonkhano wa komiti pokhapokha pali chifukwa chomveka, ndipo a Kenya, mu gawo 118, amanenanso zofanana. Ndi mmene ziyenera kukhalira: chitseko chizikhala chotsegula, wofuna kuchitseka apereke chifukwa, chifukwacho chilembedwe, ndipo zokambidwa mseri nazo zilembedwe n'kuikiridwa chaka chodzatsegulidwa.

Mfundo yachiwiri ndi yoti kusaka kosavuta kumabala ulesi ndi miseche. Munthu amalemba dzina la phungu ndi liwu limodzi, n'kudula chiganizo pakati, n'kuchiponya pa Facebook, osawerenga chimene chinanenedwa patsogolo ndi pambuyo. Izi zimachitika, sindikana. Palinso vuto la kuwerengera. TheyWorkForYou itayamba kuonetsa kuti phungu walankhula kangati, nyuzipepala ya The Times inalemba mu 2006 kuti aphungu ena anayamba kumangoimirira n'kuponyapo timawu, kapena kutumiza mafunso ambirimbiri opanda mutu, kuti nambala yawo ikwere. Eni tsambalo, pofuna kuonetsa kupusa kwa manambala otere, anafika pomawerengeranso kuti phungu wanena kangati mawu atatu otsatizana oyamba ndi chilembo chimodzi. Phungu wolankhula kawirikawiri sindiye wogwira ntchito. Wina amakhala chete m'chipinda chachikulu koma ndi amene amawerenga lipoti la wowerengera ndalama mpaka tsamba lomaliza. Komatu taonani kuti phungu wotereyu amaoneka ngati waulesi chifukwa chomwecho choti za m'makomiti sizisakika. Ndipo wodula chiganizo pakati amagwidwa msanga pamene aliyense angathe kutsegula ndime yonse n'kuwerenga yekha. Kumene zolembedwa sizipezeka, kachidutswa ka vidiyo ka masekondi 20 ndiko kamakhala umboni wokhawo, ndipo phungu wonamiziridwa alibe podzitetezera.

Wosaka adziwenso kuti Hansard si tepi. Alembi ake amachotsa zobwerezabwereza ndi zokakamira pakamwa, amakonza zolakwika zoonekeratu, koma lamulo lawo ndi loti asawonjezere kapena kuchotsa chilichonse chosintha tanthauzo. Phungu akhoza kupempha kuti akonze dzina kapena nambala imene mlembi sanaimve bwino. Sangapemphe kuti amuchotsere lonjezo limene akunong'oneza nalo bondo. Kumene lamuloli lili lofooka kumachitika zoseketsa. Congressional Record, yomwe ili ngati Hansard ya ku America, imene inayamba mu 1873, kwa nthawi yaitali inkalola mamembala kukonza ndi kuwonjezera zokamba zawo, ngakhale kuikamo zimene sanalankhule n'komwe. Mu Okutobala 1972 munatuluka mawu a phungu Hale Boggs ngati kuti analankhula m'nyumbamo, chonsecho ndege imene anakwera inali itasowa ku Alaska masiku awiri m'mbuyomo, ndipo sanapezekenso. Pambuyo pake anayamba kuika chizindikiro pa mawu ongolowetsedwa. N'chifukwa chake ndimati zolembedwa zizilumikizidwa ndi mawu ojambulidwa, kuti wokayika akhoze kudina pa ndime n'kumva yekha. Koma vidiyo payokha isatinamize kuti ndi kumasuka. Nyumba imene imaulutsa maola 6 pa YouTube popanda zolembedwa yangosamutsa vuto lomwe lija, chifukwa palibe angasake liwu m'vidiyo ya tsiku lathunthu.

Ndipo pali zimene makina osakira sadzakupatsani ngakhale atakhala abwino chotani. Zigamulo zambiri zimadutsa pongofuula, sipikala n'kunena kuti ovomereza achuluka, osalemba kuti ndani anavomera ndani anakana. Funso limene palibe anafunsa silipezeka. Mlimi amasaka feteleza pamene nduna inati zipangizo za ulimi tsiku lonse. Izi zikutanthauza kuti pafunikabe anthu, alembi odziwa kusanja nkhani m'mitu, ndi owerenga oleza mtima.

Mfundo yachitatu, imene imatuluka msanga pakamwa pa akuluakulu a maofesi, ndi ya ndalama. Iyi ndiye sindigwirizana nayo ngakhale pang'ono, makamaka pa zokambirana za masiku ano. Hansard ya lero imalembedwa kale pa kompyuta. Mawuwo amabadwa ali osakika. Kuwasindikiza, kuwadinda chidindo, kuwajambula n'kuwaika pa intaneti ngati zithunzi ndi ntchito yowonjezera, yolipiridwa, imene phindu lake ndi kuwononga chimene chinalipo kale. Ngakhale njira yosanjira zikalatazi ilipo yaulere: Akoma Ntoso, imene inayambira pa ntchito ya United Nations yothandiza nyumba za malamulo za mu Africa, ndipo lero ikugwiritsidwa ntchito ndi ku Ulaya komwe. Imangothandiza kompyuta kuzindikira kuti apa ndi dzina la wolankhula, apa ndi funso, apa ndi bilu, apa ndi voti. Mabuku akale ndiwo amafuna ndalama ndi nthawi, poti ayenera kujambulidwa n'kuwerengedwa ndi makina, ndipo makinawo amasokoneza zilembo pa mapepala ofwifwa. Koma zimatheka. Hansard ya Britain kuyambira 1803 ili pa intaneti posakika, ndipo akatswiri a ku University of Toronto anachita chimodzimodzi ndi ya Canada kuyambira 1901. Zakale zikhoza kuyenda pang'onopang'ono. Za mawa zilibe chifukwa chodikirira.

Kulemba liwu ndi liwu za makomiti onse kumafunadi alembi ochuluka, pakuti makomiti angapo amakumana nthawi imodzi. Apa makina osandutsa mawu olankhulidwa kukhala zilembo achepetsa ntchito kwambiri, ngakhale amapunthwa pa mayina, pa kalankhulidwe ka anthu osiyanasiyana, ndiponso anthu atatu akamalankhula nthawi imodzi, zimene m'komiti si zachilendo. Mlembi amakhala wokonza m'malo mwa wotayipa. Chimene ndimakana ndi kulola makina a AI kuti azipereka chidule cha zokambirana popanda kuloza tsamba ndi ndime pamene achitenga. Makinawa amatha kulumikiza chiganizo chosalala chimene munthu sananene, ndipo tikatero tabwerera kwa Samuel Johnson ndi aphungu ake a ku Lilliput.

Nthawi nayo ndi mbali ya nkhaniyi. Ku Commons zolankhulidwa zimayamba kuoneka pa intaneti patangopita maola ochepa, tsiku lomwelo. Kwina zimatenga miyezi. Zokambirana za bilu zikatuluka biluyo itasainidwa kale, zimangothandiza olemba mbiri. Bungwe la aphunzitsi kapena la amalonda limene likanamva Lachiwiri kuti komiti yasintha ndime yowakhudza likanatha kulankhulapo Lachinayi.

Chilankhulo ndi chotchinga china. Ku Tanzania aphungu amakambirana m'Chiswahili ndipo Hansard yawo imatuluka m'Chiswahili, choncho wovota wodziwa kuwerenga akhoza kusaka yekha. Ku Canada imatuluka m'Chingerezi ndi m'Chifalansa. Koma kuli mayiko ambiri kumene nyumba imalankhula chilankhulo chimene ovota ochuluka sachiwerenga. Kumeneko kusaka kumayamba kwathandiza atolankhani, aphunzitsi ndi a mawailesi, amene amatengera nkhaniyo kwa anthu m'chilankhulo chawo. Si zokwanira, koma mtolankhani wa pa wailesi amene angapeze lonjezo la nduna m'mphindi 5 asanayambe pulogalamu amafunsa mafunso osiyana kwambiri ndi amene akungodalira kukumbukira.

Ndinati ndibwereranso kwa mabungwe aja. Mu 2012 mabungwe olondoloza nyumba za malamulo a m'mayiko ambiri anagwirizana pa chikalata chotchedwa Declaration on Parliamentary Openness, ndipo mfundo yake yoyambirira ndi yoti zonse zokhudza nyumba ya malamulo ndi za anthu. Ngati zili choncho, udindo wozisunga posakika ndi wa nyumbayo, yolipiridwa ndi msonkho, osati wa achinyamata ongodzipereka ndi mabungwe odalira thandizo lakunja. Thandizo limatha. Likatha tsamba limazima, maulalo onse amene atolankhani ndi ofufuza analozako amafa, ndipo zaka za ntchito zimapita nazo. Zolemba za bungwe, ngakhale zitakhala zolondola chotani, nduna ikhoza kuzikana n'kunena kuti si zovomerezeka. Za nyumba yeniyeniyo singazikane. Mabungwe azimanga pamwamba, azipanga zotumiza mauthenga, zoyerekeza mavoti, zomasulira m'zilankhulo. Maziko akhale a nyumba, ndipo zilembedwe m'malamulo oyendetsera nyumbayo kuti zokambirana ziyenera kutuluka pasanathe masiku akutiakuti, kuti zisamadalire mtima wa kalaliki amene alipo chaka chimenecho.

Nyumba imene singakwanitse makomiti onse nthawi imodzi iyambe ndi imodzi, komiti yolondoloza kagwiritsidwe ntchito ka ndalama za boma. Ku Westminster komitiyi yakhalapo kuyambira 1861, ndipo mwamwambo wapampando wake amachokera kumbali yotsutsa, zimene nyumba zambiri za Commonwealth zinatengera. Ndi kumene alembi aakulu a maunduna amakafotokoza chifukwa chimene malisiti anasowera, n'kulonjeza kuti ndalama zibwezedwa pofika mwezi wakuti. Chaka chotsatira komiti imakhala ndi mamembala ena, unduna uli ndi mlembi wina, ndipo funso lomwelo limafunsidwa ngati lachilendo. Pamsonkhano wotsatira wa komiti imeneyi pakhale chojambulira mawu ndi mlembi mmodzi, ndipo pakutha pa sabata funso lililonse ndi yankho lake zikhale pa intaneti, pamodzi ndi tsiku, dzina la wofunsa, dzina ndi udindo wa woyankha, komanso zikalata zimene anabwera nazo.